Kodi m'bale angatithandize pa ndalama za viza ya banja ya ku UK?

Funso ili ndaliyankha ku tchalitchi, pa WhatsApp, ngakhale pa misonkhano yokonza ukwati, ndipo limabwera m'mawu ofanana: "Amuna anga ali ku UK koma malipiro awo sakukwana. Malume ali ku Leicester, ali ndi nyumba yawoyawo ndi ntchito yabwino, ndipo avomera kutisayinira. Kodi zitheka?" Ndaganiza zoti ndilembe kamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Yankho lake ndi ili. Pa viza yokakhala ku UK ndi mkazi kapena mwamuna wanu, kalata ya malume yolonjeza kuti azikusamalirani ilibe mphamvu, ngakhale akhale olemera chotani. Ndalama zawo zimawerengedwa pokhapokha akakupatsani zenizeni, zasiya kukhala zawo, ndipo zagona mu akaunti yanu miyezi 6. Angathenso kukupatsani pokhala ndi kukulipirirani mafizi. Ziwerengero zomwe ndalemba pano ndi za mu 2025. Mafizi amakwera pafupipafupi, choncho musanalipire kanthu tsimikizani pa gov.uk, tsamba la pa intaneti la boma la UK.

1. Dziwani kaye mtundu wa viza yomwe mukufuna

Anthu ambiri amasokera pomwepa. Wina amamva kuti mnansi wake anaitanidwa ndi azakhali ake ndipo viza inatuluka, ndiye amaganiza kuti nayenso atero. Sadziwa kuti mnansiyo anapita pa viza ya ulendo.

Pa viza ya ulendo, ya miyezi yosapitirira 6, m'bale kapena mnzanu angathe kukulipirirani tikiti, chakudya ndi pogona, bola ubale wanu ukhale weniweni, iyeyo akhale ku UK movomerezeka, ndipo aonetse kuti ndalamazo ali nazo. Koma simungalowe ngati mlendo kenako n'kusinthira ku viza ya banja muli komweko. Muyenera kubwerera kumudzi n'kukafunsira kumeneko.

Pa viza ya sukulu, ndalama zizikhala mu akaunti yanu kapena ya makolo anu kwa masiku 28 otsatizana. Akaunti ya malume siloledwa, ngakhale ndi iwo anakulerani kuyambira muli Sitandade 1, pokhapokha pali chikalata cha khoti chowatchula kuti ndi okuyang'anirani mwalamulo. Njira yosavuta n'kuti atumize ndalamazo ku akaunti yanu, masiku 28 ayambire pamenepo.

Ngati mkazi kapena mwamuna wanuyo ali pa viza ya ntchito, inu mumalowa ngati womutsatira, ndipo malamulo ake ndi ena: ndalama zofunika kuonetsa mu banki ndi £285 ya mkazi kapena mwamuna, £315 ya mwana woyamba, £200 ya mwana aliyense wotsatira. Dziwaninso kuti kuyambira pa 11 March 2024 olembedwa kumene ntchito yosamalira okalamba ndi odwala saloledwa kubweretsa mabanja awo.

Zotsatirazi n'zokhudza viza ya banja, yomwe malamulo ake ali mu gawo lotchedwa Appendix FM.

2. Onani ngati wanuyo ali woyenera kukuitanani

Pa viza imeneyi sponsa ndi mmodzi yekha: mkazi kapena mwamuna wanu. Palibe malo pa fomu olembapo sponsa wachiwiri. Ku America kuli dongosolo loti munthu wina asayinire pambali pa woitana, ndipo ndikuganiza kuti mphekesera zambiri zimachokera kumeneko, koma ku UK kulibe zotero.

Sponsayo akhale mzika ya Britain kapena ya Ireland, kapena akhale ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, chija anthu amangoti indefinite, kapena akhale wothawa kwawo amene boma linamulandira. Ngati sali m'magulu otere, bwererani ku mfundo yoyamba.

3. Werengani malipiro monga a Home Office (unduna woona za viza ku UK) amawerengera

Kuyambira July 2012 mlingo wa ndalama zomwe sponsa ayenera kumapeza unali £18,600 pa chaka. Pa 11 April 2024 unakwera kufika £29,000, msonkho usanachotsedwe, ndipo pa mlingo watsopanowu sawonjezerapo kanthu chifukwa cha ana. Amene analowa m'dongosololi tsikuli lisanafike akadali pa mlingo wakale powonjezera viza yawo.

Kuti muone kulemera kwake, munthu wolandira malipiro otsikitsitsa ovomerezeka a mu April 2025, £12.21 pa ola, akamagwira maola 37.5 sabata iliyonse amapeza pafupifupi £23,800 pa chaka. Wagwira chaka chonse osajomba koma waperewerabe. N'chifukwa chake funso la malume limabwera.

Musanathamangire kwa abale, sponsa atenge mapeyisilipi a miyezi 6 yapitayi n'kukhala nawo pansi. Ngati wakhala kwa bwana mmodzi miyezi 6 kapena kuposera, ndipo amalandira malipiro okhazikika, amawerengera pa mlingo wotsikitsitsa womwe walandira m'miyeziyo. Ngati amalipidwa pa ola ndipo mashifiti amasintha, amaphatikiza zonse za miyezi 6, kugawa ndi 6, kuchulukitsa ndi 12. Tinene kuti mapeyisilipi onse pamodzi apereka £13,800: pa chaka ndi £27,600. Ovataimu imawerengedwa. Ntchito ziwiri mungathe kuziphatikiza. Ambiri amapezeka kuti akuperewera pang'ono chabe, ndipo mashifiti angapo owonjezera kwa miyezi 6 amatseka mpatawo popanda kugogoda pakhomo pa munthu.

Ngati sponsa sanakwanitse miyezi 6 pa ntchito yatsopano, ayenera kuonetsa zinthu ziwiri: kuti malipiro a pano akufika £29,000 pa chaka, komanso kuti m'miyezi 12 yapitayi analandiradi ndalama zokwana £29,000.

Pali zolakwika ziwiri zomwe ndimaziona kawirikawiri. Choyamba, malipiro a inu muli ku Blantyre, Lusaka kapena Johannesburg sawerengedwa, ngakhale muli manijala. Penshoni yanu, lendi ya nyumba yanu ndi ndalama zomwe mwasunga zimawerengedwa, koma malipiro a pa ntchito ayi, kufikira mutalowa ku UK ndi chilolezo chogwira ntchito. Chachiwiri, maganyu olipidwa m'manja, osadula msonkho, osadutsa ku banki, kwa iwo kulibeko.

4. Ngati malipiro aperewera: mphatso ya m'bale

Apa m'pamene m'bale angalowe, ndipo apa m'pamene mabanja amataya mafizi awo. Werengani mofatsa.

Lamulo limalola kuti ndalama zosunga zikwaniritse pomwe malipiro aperewera. Koma £16,000 yoyamba siwerengedwa n'komwe. Chimawerengedwa ndi chapamwamba pake, ndipo nacho amachigawa ndi 2.5, chifukwa akufuna ndalama zoti zikusungeni zaka ziwiri ndi theka kufikira mudzafunsirenso. Ndiye kawerengedwe kake ndi aka: tengani ndalama yomwe ikuperewera pa £29,000, chulukitsani ndi 2.5, wonjezerani £16,000.

Sponsa wa £27,600 uja waperewera £1,400. Kuchulukitsa ndi 2.5 ndi £3,500. Kuwonjezera £16,000 ndi £19,500. Taonani: kuperewera £1,400 yokha kukufuna £19,500 mu banki. Wolandira £24,000 afunika £28,500. Wopanda malipiro alionse afunika £88,500. Munthu akandiuza kuti malume atipatsa £10,000, ndimamuuza kuti awathokoze ndipo ndalamazo zithandiza pa mafizi, koma pa mlingo wa malipiro sizisuntha ngakhale paundi imodzi.

Ndalamazo zikapezeka, ziyenera kukwaniritsa zinthu zinayi.

Zikhale m'dzina lanu, la sponsa, kapena la nonse awiri. Akaunti ya malume siwerengedwa. Akaunti yomwe malume awonjezerapo dzina lanu nayonso musaidalire. Atumize ndalamazo zichoke kwawo.

Zikhale m'banki yovomerezeka, momwe mungazitape tsiku lililonse mutafuna. Masheya a ku banki mkhonde, kabuku ka chipereganyu ndi ndalama zosungitsa kwa mlamu sizipereka sitetimenti yomwe ofisala woona za viza angaikhulupirire.

Zikhale momwemo miyezi 6 yathunthu tsiku lofunsira lisanafike, osatsika pa mlingo wofunikawo ngakhale tsiku limodzi. Ili ndiye dzenje lenileni. Tinene kuti mukufunika £19,500 ndipo mwaika £20,000 mu January. Mu April kwagwa maliro kumudzi, mwatapa £900 ya bokosi ndi galimoto, ndipo pakutha pa mwezi mwabwezera. Kwa inu palibe chasokonekera. Ofisala akamayendetsa chala pa sitetimenti aima pa mzere wa pa 14 April pomwe palembedwa £19,100, ndipo nambala imeneyo ndiyo atenge. Miyezi 6 iyambiranso pa tsiku lomwe munabwezera. Choncho tsegulani akaunti yapadera, khadi lake libisidwe, ndipo ikanimo zoposera mlingo. Ndalama ya mavuto a kumudzi isungidwe kwina, chifukwa mavutowo adzabwera ndithu.

Zikhale mphatso, osati ngongole. Ndikudziwa zomwe zimanong'onedwa: "Tingoziika momwemo, viza ikatuluka tibweza." Imeneyo ndi ngongole, ndipo lamulo silivomera ndalama zobwereka. Pofunsira mumalemba ndi kusayina kuti ndalamazo zinachokera kuti. Mukalemba kuti ndi mphatso pomwe mwagwirizana zobweza, mwanama pa fomu ya boma. Zikadziwika viza imakanidwa, mafizi a fomu sabwezedwa, ndipo mbiri ya bodzayo imakutsatirani pa mafomu a m'tsogolo. Pa viza ya ulendo munthu amatha kutsekeredwa zaka 10. Ofisala amaonanso ngati ndalama yaikulu inalowa mwadzidzidzi popanda chofotokoza, ndipo powonjezera viza adzaonanso masitetimenti anu. Chipereganyu chili ndi vuto lomweli: mukalandira gawo lanu koyambirira, zambiri mwa ndalamazo mukadali nazo ngongole kwa anzanu.

Ndiye m'bale wofunadi kupereka achite chiyani? Atumize kuchokera ku akaunti yake kupita ku yanu mwachindunji, kamodzi kapena kawiri, osati kudutsa mwa anthu atatu kapena kukaponya ndalama za m'manja pa kauntala. Alembe kalata yaifupi: dzina lake, ubale wake ndi inu, kuchuluka kwa ndalama, tsiku lomwe anatumiza, kumene iye anazipeza, ndi mawu omveka akuti ndi mphatso ndipo sadzaitanitsa. Asayine. Aphatikize kope la pasipoti yake ndi sitetimenti yoonetsa ndalamazo zikutuluka. Lamulo limakakamiza inuyo kufotokoza gwero la ndalama, koma kalata ya woperekayo imatseka mafunso asanafunsidwe.

Ndiwonjezere langa. Musanalandire, khalani pansi ndi malumewo pamodzi ndi akazi awo. £20,000 si ndalama yomwe munthu amaiwala. Ngati mumtima mwawo akuyembekeza kuti mudzamangira ana awo nyumba, kapena akazi awo sakudziwa kuti ndalama yatuluka, ndi bwino mudziwe lero. Ndaona viza ikutuluka koma ubale n'kutha. Kukana mphatso yotero n'kudikira miyezi ina 6 ya ovataimu si kupusa.

Za kwacha. Ndalama zingathe kukhala m'banki ya kumudzi, koma amazisinthira m'mapaundi pa mtengo wa pa OANDA (tsamba la pa intaneti la mitengo yosinthira ndalama) wa tsiku lomwe mwafunsira, osati tsiku lomwe munaziika, ndiponso osati mtengo wa pa msika wa mseri. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Munthu amene ndalama zake zinali zokwana dzulo lake anadzuka zitaperewera kutali, asanatapemo ngakhale tambala. Ngati woperekayo ali ku UK, ndalamazo zipite ku akaunti ya sponsa komweko, zisawoloke nyanja.

Za malo ndi nyumba. Mukagulitsa nyumba kapena puloti yomwe inali yanu kapena ya sponsa miyezi 6 isanayambe, simufunika kudikira miyezi 6 yonse, bola muonetse mapepala a umwini, a malonda ake, ndi ndalama yotsala mutachotsa ngongole, misonkho ndi za maloya. Malo a makolo okhala ndi kalata ya amfumu yokha n'zovuta kuwaonetsa motero. Ndipo ngati nyumba yogulitsidwayo inali ya malume, kwa inu imeneyo ndi mphatso basi: miyezi 6 iyamba tsiku lomwe ndalama zalowa mu akaunti yanu.

Chenjezo lomaliza pa gawoli: ngati sponsa amadzilemba yekha ntchito, malipiro a bizinesi saphatikizidwa ndi ndalama zosunga. Chimodzimodzi amene sanakwanitse miyezi 6 pa ntchito: ndalama zosunga sizingadzaze zomwe zaperewera pa miyezi 12 yapitayo.

5. Pokhala: apa lonjezo la m'bale limamveka

Lamulo limafuna kuti mukhale ndi malo okwanira, osapanikizana, popanda thandizo la boma. Silifuna kuti nyumbayo ikhale yanu. Ngati malume a ku Leicester ali ndi chipinda chosagona munthu, alembe kalata yoti akulolani kukhalamo, atchule zipinda zomwe zilimo ndi anthu okhalamo, ana omwe. Ngati nyumba ndi yawo, aphatikize chikalata cha umwini cha ku Land Registry, ofesi ya boma yolembetsako malo ndi nyumba. Ngati ndi ya lendi, pafunika pangano la lendi ndi kalata ya mwini nyumba yovomera kuti muwonjezekemo. Anthu amaiwala kalata yachiwiriyi. Chipinda chogona chikhale chanu awiri, osati mphasa pa balaza. Nyumba ikakhala ndi anthu ambiri, lipirani woyeza nyumba alembe lipoti loti simudzapanikizana.

Kukhala ulele kwa m'bale sikutsitsa mlingo wa £29,000. Komabe ndi thandizo lalikulu, chifukwa ndalama ya lendi ikupita kosunga.

6. Mafizi: aliyense angalipire

Mu 2025 fomu yofunsira muli kunja inali £1,938. Pamwamba pake pali ndalama ya zaumoyo, £1,035 pa chaka kwa wamkulu. Viza yoyamba ndi ya miyezi 33 ndipo amaiwerenga ngati zaka 3, ndiye £3,105. Zonse pamodzi zadutsa £5,000 musanagule tikiti. Wonjezerani kuyezetsa TB ku chipatala chomwe a Home Office anavomereza, chifukwa Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa onse ali pa mndandanda, ndi mayeso a Chingerezi a mlingo woyambira wotchedwa A1. Musadabwe: maiko athu sawerengedwa kuti ndi olankhula Chingerezi, ndipo satifiketi ya MSCE siilowa m'malo mwa mayesowo.

M'bale wa £5,000 kapena £10,000 thandizo lake ligwere apa. Palibe amene amafunsa kuti khadi lolipirira ndi la ndani. Cholakwika n'kutapa mafizi mu akaunti ija ya miyezi 6 tsiku lofunsira lisanakwane.

7. Sanjani mapepala potsata masiku 28

Tsiku lofunsira ndi tsiku lomwe mwatumiza fomu ya pa intaneti ndi kulipira, osati lomwe mukapereka zidindo za zala. Peyisilipi yomaliza ndi sitetimenti yomaliza zisakhale zakale kuposa masiku 28 pa tsikulo. Masitetimenti a miyezi 6 aonetse malipiro akulowa, ndipo nambala ya pa peyisilipi ifanane ndi ya ku banki mwezi uliwonse. Ikasiyana, bwana afotokoze m'kalata. Kalata ya bwanayo itchule ntchito, malipiro a pa chaka, nthawi yomwe sponsa wagwira, nthawi yomwe wakhala pa malipiro amenewo, ndi mtundu wa kontilakiti. Sitetimenti ya akaunti yosunga ionetse miyezi 6 yonse, tsamba lililonse, ngakhale lopanda kanthu. Musanadine batani lolipira, werengani ndi kalendala m'manja kuti miyezi 6 yakwanadi. Kuperewera masiku awiri n'kuperewera.

8. Zikakanikabe

Ngati sponsa amalandira thandizo la boma la olumala kapena la osamalira wodwala, monga PIP, Attendance Allowance kapena Carer's Allowance, mlingo wa £29,000 sukumukhudza. Amangoona ngati zotsala mutalipira nyumba zingakusungeni. Mabanja ena amavutika chaka chonse kusaka ndalama osadziwa kuti ali m'gulu limeneli.

Palinso kakhomo kakang'ono. Mu February 2017 Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri la ku UK, pa mlandu wa MM (Lebanon), inavomereza mlingo wa malipiro koma inati boma liziganizira ubwino wa ana ndi njira zina zopezera ndalama. Kuyambira August chaka chomwecho, ngati kukana viza kungabweretse mavuto aakulu kwambiri kwa inu, sponsa kapena mwana, ofisala angaganizire lonjezo lodalirika la thandizo la munthu wina. Apa pokha m'pamene kalata ya malume yolonjeza kukusamalirani imawerengedwa, ndipo amafufuza chuma chawo ndi mbiri ya thandizo lomwe akhala akupereka. Kupatukana kwa banja pakokha nthawi zambiri sikukwanira. Wodutsira pakhomoli amaikidwanso pa njira ya zaka 10 m'malo mwa 5 asanapeze indefinite, kutanthauza kulipira mafizi kangapo konse. Musaiyese nokha. Pezani loya kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, yomwe kale inkatchedwa OISC, ndipo dzina la mlangiziyo mulione pa mndandanda wawo musanamupatse ndalama. Ejenti wa m'tauni wolonjeza "kukonza sitetimenti" mthaweni.

Kumbukiraninso kuti viza yoyamba isanathe mudzafunsiranso ina ya miyezi 30, ndipo mlingo womwewo udzafunidwanso. Kusiyana kwake n'kwakuti nthawi imeneyo malipiro a nonse awiri amaphatikizidwa. Choncho mukangofika, pezani ntchito yodutsa ku banki ndi yodula msonkho, ndipo yambani kusunga mapeyisilipi kuyambira mwezi woyamba.